Mwana wanga anaseka munthu akumenyedwa pa TV: kodi ndizimitse dikoda?

"Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Mphate kuno ku Ntcheu ndipo ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu. Bambo a kunyumba ali ku Joni, ndiwo amalipira dikoda. Ndimasunganso mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka 17. Tsiku lina madzulo tinkaonera sewero la ku South Africa momwe anyamata anagwira mnzawo n'kumumenya mpaka kukomoka, ati chifukwa amagonana ndi amuna anzake. Mwana wanga wa zaka 14 anaseka n'kunena kuti 'amuchita bwino'. Mlongo wake wa zaka 9 wakhala akubwebweta kutulo. Wa achemwali uja anangonyamuka osanena kanthu, ndipo kuyambira tsikulo safuna kukhala nafe pabalaza. Sabata yatha aphunzitsi anandiitana kuti wa zaka 14 uja ndi anzake akumatchingira mwana wina panjira n'kumamukuwiza kuti ndi wamathanyula. Ine ndine wopemphera ndipo zinthu zimenezi sindigwirizana nazo, koma kumenya munthu sindifunanso. Kodi masewerowa awaphunzitsa ana anga khalidwe limeneli? N'chifukwa chiyani amaonetsa zoterezi? Ndingozimitsa dikoda?"

Mayi, choyamba mtima pansi. Palibe mwana mwa atatuwa amene tinganene kuti waonongeka. Aona chinthu chimodzi, koma aliyense wachilandira molingana ndi msinkhu wake komanso zomwe zinali kale mumtima mwake. Wamng'onoyo wachita mantha, ndipo mantha otere nthawi zambiri amatha okha pakapita masabata ochepa. Wa zaka 17 akufunika kumufika pang'onopang'ono. Wofunika kumuthamangira sabata ino ndi wa zaka 14, chifukwa nkhani yake yatuluka mu TV, yakagwera mwana weniweni wa eni ake amene panopa akuopa njira ya kusukulu.

Mukufunsa ngati masewerowa aphunzitse ana khalidwe limeneli. Ngati mukunena zoti mnyamata ayambe kukopeka ndi anyamata anzake chifukwa waona pa TV, yankho ndi ayi, palibe umboni woti kuonera kumasintha munthu mbali imeneyo. TVM, wailesi ya kanema yoyamba m'dziko muno, inayamba kuulutsa mu 1999, pamene malamulo oletsa amuna kugonana okhaokha anabwera ndi atsamunda cha m'ma 1930. Anthu otere analipo dikoda isanabwere. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO nalonso linachotsa nkhaniyi pa mndandanda wa matenda a maganizo mu 1990, ndiye si nthenda yoti mwana angaitengere pa kanema. Chomwe TV imatha kusintha ndi china: mmene mwana amawaonera anthu amenewa, ndiponso ngati akuona kuti kuwamenya n'kololedwa. Apa ndiye pali ntchito yanu.

M'zaka za m'ma 1960 katswiri wa za maganizo, Albert Bandura, anaonetsa ana aang'ono kanema wa munthu wamkulu akumenya chidole. Ana amene anaona womenyayo akuyamikiridwa, kapena akungochoka osauzidwa kanthu, anatsanzira kwambiri kuposa amene anamuona akudzudzulidwa. Ofufuza amene anabwera pambuyo pake anapeza zomwe zimachititsa kuti chiwawa cha pa kanema chilowerere mwa mwana: womenyayo akakhala munthu wosiririka, nkhaniyo ikamupatsa chifukwa chooneka chomveka, akapanda kulandira chilango, ululu wa womenyedwayo ukabisidwa, ndiponso zikaikidwa mwanthabwala. Kuchuluka kwa magazi si ndiko muyeso. Pali sewero lopanda dontho la magazi lomwe limaphunzitsa nkhanza kuposa lina lomwe munthu akuchita kutseka maso. Dziwaninso kuti TV ndi gawo chabe. Zomwe mwana amamva kwa anzake ku mpira, kwa akuluakulu pamsika ndi kunyumba zimalemera kuposa sewero. Mawu oti "amuchita bwino" sanawatenge usiku umenewo. Anawamva kale penapake, sewerolo langowatulutsa.

Nanga n'chifukwa chiyani amaonetsa zoterezi? Zimatengera komwe kanemayo wachokera. Ku America, kuyambira 1934 mpaka 1968, makampani a mafilimu ankatsatira malamulo awo otchedwa Hays Code, omwe sankalola kuonetsa poyera anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha. Olemba akafuna kumuika munthu wotere, ankamusandutsa chigawenga, wamisala, kapena ankamupha nkhani isanathe. Malamulowo anatha koma chizolowezi chinatsala, moti mu 2016 oonera kumeneko anachita kudandaula poyera kuti akazi okondana okhaokha akungophedwa m'masewero motsatizana. Mafilimu ena akale a ku Nigeria, omwe kuno timawakonda, amaiphatikiza nkhaniyi ndi zizimba zolemeretsa ndi magulu achinsinsi, ndipo amathera ku misala, imfa kapena kutulutsa ziwanda. Mwana woonera zimenezi kwa zaka amakula akuganiza kuti mapeto a munthu wotere ndi omwewo, ndipo ndi omuyenera.

A ku South Africa ndi osiyanako. Kumeneko lamulo linavomereza maukwati a amuna kapena akazi okhaokha mu 2006, koma nkhanza m'makomboni sizinathe. Mu April 2008, Eudy Simelane, yemwe ankasewera mpira m'timu ya dziko ya amayi ya Banyana Banyana, anagwiriridwa n'kuphedwa ku KwaThema. Olemba masewero kumeneko akamaika zomenya ngati zomwe munaonazo, kawirikawiri cholinga chawo chimakhala kudzudzula zomwe zikuchitika m'misewu mwawo. Vuto ndi loti sewero limayenda masabata. Kumenya kumaoneka Lachiwiri, mayi wa womenyedwayo akulira kuchipatala Lachisanu, omenya akumangidwa mwezi wa mawa. Magetsi akathima Lachisanu, kapena ndalama ya dikoda ikatha pakati, mwana amatsala ndi gawo la kumenya lokha.

Mawailesi a kanema athu, monga MBC, Times ndi Zodiak, m'masewero awo anthu otere sawaika kwenikweni, kupatula mwina mwamuna wovala diresi woti anthu amuseke. Amaoneka pa nkhani basi: Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga ali m'maunyolo ku Blantyre khamu likuwakuwiza, atamangidwa mu December 2009 chifukwa chochita chinkhoswe, kugamulidwa zaka 14 mu May 2010, kenako kukhululukidwa ndi Bingu wa Mutharika; zionetsero za mipingo zotsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha mu July 2023; chigamulo cha khoti loona za malamulo aakulu a dziko chokana kuchotsa malamulo oletsa mchitidwewu mu June 2024. Mukaphatikiza zonsezi muona kuti mwana wa ku Ntcheu munthu wotere amamuona womangidwa, womenyedwa kapena wosekedwa. Samuona akugulitsa tomato kapena akudwazika agogo ake. Munthu amene sunamuonepo ngati munthu savuta kumugenda.

Ndiye mukamaonera nawo, musamawerenge zibakera. Yang'anani kuti pambuyo pa kumenyako kamera yatsata ndani, wogwa pansiyo kapena anyamata akuthawa akuseka. Onani ngati womenyedwayo tinamudziwa kale, ali ndi dzina, ntchito ndi abale, kapena wangobweretsedwa kuti amenyedwe. Mvetserani nyimbo, ngati ndi yachisoni kapena yovinitsa. Dikirani muone chomwe chiwachitikire omenyawo. Sewero lomwe likukhala ndi wovulalayo, mnyamata wa zaka 14 akhoza kulionera muli pambali pake, ndipo lingamuthandize. Lomwe likusangalala ndi omenya, lisiyeni. Chenjeraninso ndi masewero otengera zigawenga zenizeni, monga la Netflix la mu 2022 lonena za Jeffrey Dahmer, yemwe anapha anyamata ndi amuna 17. Abale ena a ophedwawo anadandaula poyera kuti lawatsegula mabala. Mtundu umenewu umakhalitsa ndi wakuphayo, ndipo si wa ana ngakhale pang'ono.

Koma ndikuuzeni, mayi, dikoda yanuyo ndiyo khomo laling'ono. Pa Lizulu pomwe mumagulitsapo, pa Kampepuza kapena pa Tsangano Turn-off pali nyumba zoonetsera mavidiyo zomwe sizifunsa msinkhu wa wolowa. Pali anyamata obena mafilimu mu memori khadi. Ambiri mwa mafilimuwa ndi omasuliridwa m'Chichewa, ndipo womasulira ntchito yake ndi kuseketsa. Filimu ikhoza kukhala yachisoni, koma iye n'kumathirira ndemanga kuti "mpatse china ameneyo", chipinda chonse n'kufa nacho chiseko. Nthabwala zija ndanena kuti zimalowetsa chiwawa mwa mwana, apa zimachita kuwonjezedwa pamwamba. Choopsa kuposa zonse ndi timavidiyo ta pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok toonetsa anthu enieni akuvulidwa ndi kumenyedwa ndi gulu. Mmenemo mulibe mayi wolira, mulibe khoti, wojambulayo ali mbali ya omenya. Mukazimitsa dikoda, mnyamatayo adzangosamukira kumeneko komwe inu kulibe. N'chifukwa chake ine sindikulimbikitsani kuzimitsa. Pabalaza ndi pokhapo pamene mungamve zomwe akunena n'kumuyankha.

Chitani izi m'malo mwake. Pa rimoti ya DStv kapena GOtv, batani la "i" limaonetsa msinkhu woyenera pulogalamu, monga 13, 16 kapena 18, nthawi zina ndi zilembo: V ndi zachiwawa, L ndi zotukwana, S ndi zogonana, N ndi umaliseche, P ndi tsankho, ndipo SV ndi kugwirira. Mukaona 16 yokhala ndi V, wa zaka 9 asakhalepo. Lowani pa Settings, pezani Parental Control, ikani nambala yachinsinsi. Madikoda ambiri amabwera ndi 1234, ndipo ana onse a sukulu amaidziwa, ndiye isintheni pomwepo. Musaike chaka chanu chobadwa kapena manambala otsiriza a foni yanu. Sankhani kuti zonse zopitirira 13 zizifuna nambalayo. Mawu a pa sikirini amasiyanako kutengera mtundu wa dikoda, koma njira yake ndi yomweyo. Pomwe ambiri amalakwitsa ndi apa: amalemba nambalayo ana akuyang'ana zala, kapena amamutuma mwana kuti "tanditsegulire", basi loko watha ntchito. Lokoyu sagwira nkhani ndi mapulogalamu opanda chizindikiro cha msinkhu, sagwiranso filimu ya pa fulashi yolumikiza ku TV. Matchanelo a ku South Africa amasunga zolemera kuti ziyambe 8 koloko usiku pa olipira ndi 9 koloko pa aulere, ndipo nthawi yawo ndi yofanana ndi yathu, choncho wamng'onoyo azikhala atagona nthawi imeneyo. Pa foni, YouTube ili ndi Restricted Mode, TikTok ili ndi Family Pairing, koma WhatsApp ilibe sefa iliyonse. Zimitsani zoti mavidiyo azidzilowera okha, ndipo mafoni azigona kuchipinda kwanu.

Tsopano mnyamata wa zaka 14. Musamukwapule, chifukwa simungamuphunzitse kuti kumenya n'koipa ndi chikoti m'manja. Musamulankhulenso pamaso pa mlongo wake kapena msuweni wake. Pagulu adzangolimba mtima kuteteza ulemu wake. Mutengeni mupite naye kumunda kapena kokatenga katundu, mufunse modekha: unaseka chiyani tsiku lija? Mawu aja unawamva kwa ndani? Mwana mukumutchingirayo dzina lake ndani, amakhala ndi ndani, anakulakwira chiyani? Pamsinkhu umenewu kuseka nthawi zambiri n'kubisa manyazi, ndipo kukuwiza mnzake n'kufuna kuti gulu lisamuloze iyeyo chala. Mnyamata amene akukuwizidwayo mwina mlandu wake ndi mawu opyapyala kapena kusakonda mpira basi. Mukamva zonse, nenani mawu anu mwachidule: m'nyumba muno sitimenya munthu, sitikuwiza munthu, kaya ndi wotani. Bambo ake amuimbire kuchokera ku Joni anene zomwezo, chifukwa mnyamata akamva kwa mwamuna mnzake zimakhazikika mwa mtundu wina. Ngati pali amalume ake pafupi, apite nanu kwa makolo a mwana uja mukapepese, iye ali pomwepo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kwa aphunzitsi bwereraniko pakatha masabata awiri mukafunse ngati zasiya, ndipo apempheni akumane ndi gulu lonse, chifukwa wanu akasiya yekha anzake adzamutembenukira.

Muuzeninso za lamulo, chifukwa achinyamata ambiri amaganiza kuti poti boma limaletsa, ndiye kuti aliyense ali ndi chilolezo cholanga. N'zoona kuti gawo 153 ndi 156 la malamulo a milandu limaletsa amuna kugonana okhaokha, ndipo 137A limanena za akazi. Khoti linakana kuchotsa magawo 153 ndi 156 mu 2024. Koma malamulowa amanena za mchitidwe woti utsimikizidwe m'khoti, osati kayendedwe kapena kalankhulidwe ka munthu, ndipo sapereka mphamvu kwa munthu wamba kuti amenye mnzake. Buku lomwelo, pa gawo 254, limati womenya mnzake n'kumuvulaza akhoza kukhala kundende zaka 5, ndipo pa gawo 238 kuvulaza koopsa ndi zaka 14. Wa zaka 14 akhoza kuyankha mlandu m'bwalo la ana, mpaka kutumizidwa kumalo osinthira khalidwe monga Chilwa ku Zomba kapena Mpemba ku Blantyre. Kutukwana kapena kuopseza munthu pa foni ndi pa intaneti nakonso ndi mlandu pa lamulo la mu 2016.

Za chikhulupiriro chanu, palibe akukupemphani kuti muchisiye. Kutsutsana ndi mchitidwe ndi kwina, kuvomereza kuti munthu amenyedwe ndi kwinanso. Ngakhale Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, womwe suvomereza mchitidwewu, pa ndime 2358 amati anthuwa alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo ndipo asasalidwe mopanda chilungamo.

Wa zaka 9 nkhani yake ndi yaifupi. Muuzeni kuti aja ndi anthu ochita sewero, magazi aja ndi utoto, ndipo womenyedwa uja anadzuka n'kupita kwawo. Akafunsa kuti anamumenyeranji, yankhani kuti ankadana naye chifukwa ndi wosiyana nawo ndipo analakwitsa kumumenya, zambiri sakuzifuna. TV izizima ola lathunthu asanagone. Maloto oipawo akapitirira mwezi, akayamba kukodza pogona pomwe anasiya kale, kapena kukana kusukulu, pitani naye kuchipatala, ndipo mufufuze ngati pali china chomwe anaona kapena kuchitiridwa kunja kwa TV.

Mwana wa achemwali anu ndiye ndikufuna mumusamale kwambiri, ndipo musathamangire kugamula. Mnyamata akhoza kutuluka pa sewero lotere pa zifukwa zambiri. Mwina anamenyedwapo ndi gulu, mwina anaonapo munthu akuphedwa pamsika, mwina wina anamugwirapo mokakamiza, zomwe anyamata amabisa zaka ndi zaka. Mwina ali ndi mnzake wotere. Mwina chiseko cha msuweni wake chinangomunyansa. Mwinanso nkhaniyo ndi yake. Simudziwa, ndipo kufunsa kuti "kodi nawenso ndiwe wotero?" kudzatseka pakamwa pake mpaka kalekale. Musafufuze m'foni mwake, musakaitule nkhaniyi ku gulu la amayi kutchalitchi ngati pempho la pemphero, musawaimbire achemwali anu ndi zongoganizira. M'tauni yaing'ono ngati Ntcheu mphekesera imafika kusukulu dzuwa lisanalowe, ndipo ikatuluka sibwezeka. Pezani nthawi muli awiri, manja ali pantchito, munene kuti: "Zija tinaonera zija zinandiwawa, ndipo zomwe ananena mng'ono wako sindinagwirizane nazo. Pakakhala chokusautsa, ine ndilipo, ndipo pano ndi pakwanu." Mukatero khalani chete. Akhoza osayankha tsikulo, koma wamva.

Tsiku lina akadzakuuzani kuti nkhaniyo ndi yake, mawu anu oyamba ndi amene adzawakumbukire moyo wake wonse. Kafukufuku wa Caitlin Ryan ndi anzake ku America, wofalitsidwa mu 2009, anapeza kuti achinyamata otere amene anakanidwa kwambiri ndi mabanja awo ankayesa kudzipha kuposa ka 8 poyerekeza ndi amene sanakanidwe. Simukuyenera kuvomereza zonse kuti mumuteteze. Kungosamuthamangitsa, kusamumenya ndi kusamuyalutsa kumachepetsa ngozi. Zomutsekera m'chipinda ndi mapemphero okakamiza, zomutemera mphini kwa sing'anga, kapena zomupezera mtsikana kuti "achire" sizisintha munthu, zimangomuphwanya.

Pali zizindikiro zomwe simuyenera kudikira nazo: kusiya kudya kapena kugona, kugawa zinthu zake, kunena kuti "ndikanangofa" kapena "posachedwapa mupuma", kuyamba mowa kapena chamba mwadzidzidzi, mabala osadziwika chiyambi chake. Mukaona zimenezi mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo, kumamupatsa mpata wolankhula. Inu ndinu a geni ya kachewere ndi kabichi, ndiye mwina m'nyumbamo muli mankhwala opopera mbewu, a anankafumbwe kapena tameki wa makoswe. Atsekereni ndi loko lero lomwe, kiyi ikhale ndi inu. Musamusiye yekha, pitani naye ku chipatala cha boma ku Ntcheu mukafunse namwino woona za maganizo. A chipatala cha za maganizo cha St John of God ku Lilongwe amathandizanso pa uphungu. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndi ya ana, ndipo iye mwini akhoza kuimba osatchula dzina. Nambala ya 5600 ndi yonenerako nkhani za nkhanza.

Zikapezeka kuti iye, kapena mwana akutchingiridwa uja, wagwiriridwa, chipatala chikhale choyamba, pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV. Akamenyedwa, asungitse umboni wa mabala kuchipatala ndipo nkhani ipite ku Victim Support Unit ya polisi. Apa pafunika nzeru: lipoti la Human Rights Watch la mu 2018 linasonyeza kuti ena mwa anthuwa kuno ku Malawi amaopa kukadandaula chifukwa amanyozedwa kapena kutembenuziridwa mlandu. Choncho mwana asapite yekha, apite ndi wamkulu, ndipo dandaulo likhale pa kumenyedwako; sakakamizidwa kuyankha za moyo wake wam'seri. Mukaona kuti simukuthandizidwa, a Malawi Human Rights Commission, komanso mabungwe omenyera ufulu wa anthu a CHRR ndi CEDEP amalandira nkhani zotere, ndipo a Legal Aid Bureau amapereka loya kwa osowa ndalama. Ngati ndi wailesi ya kanema ya m'dziko muno yomwe yaulutsa zolimbikitsa anthu kumenya anzawo, dandaulo limapita ku MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi. Lembani dzina la pulogalamu, tsiku ndi ola lomwe inaulutsidwa, chifukwa popanda zimenezo savutikira kuifufuza.